Sera kapena polishi: chimene penti wa galimoto amafuna pa fumbi la ku Milange

Galimoto yochokera ku Mocuba kudzera mumsewu wa N11, ulendo wa makilomita pafupifupi 190, imafika ku Milange ikadali yooneka bwino, poti msewuwo masiku ano ndi wa tala. Koma ikangopatuka kulowera ku Majaua, ku Mongue kapena ku Molumbo kukatenga chimanga ndi nandolo, imabwerako ili psuu ndi katondo kuyambira kumatayala mpaka padenga. Madzulo mnyamata wotsuka magalimoto amaikhuthulira madzi, kuipaka sopo waufa, kuipukuta ndi kansanza, ndipo mwiniwake amaonjezapo kangachepe kuti aipolishenso. Pakapita zaka zingapo boneti imayamba kutuwa, denga kusupuka, mwini uja n'kumadandaula kuti penti wa magalimoto a ku Japan ngwachabechabe. Kawirikawiri pentiyo amakhala alibe mlandu.

Kodi polishi ndi sera si chinthu chimodzi?

Ayi, ndipo chisokonezo chonse chimayambira pomwepa. Pamalo otsukira magalimoto, kaya ndi ku Milange, ku Muloza kapena ku Limbuli, chilichonse chopaka kuti galimoto iwale chimangotchedwa polishi. Koma m'zitini muja muli zinthu ziwiri zogwira ntchito zotsutsana. Polishi amachotsa, sera amaonjezera.

Mu polishi muli timchenga tosalala kwambiri tosaoneka ndi maso. Munthu akamatikita, timchengato timapala kachikopa kapamwamba ka penti kamene kakalika kapena kutuwa, n'kuvundukula penti wosalala wa pansi pake. Ndi mmene amayi amakwechera poto ndi mchenga kapena phulusa: potoyo amawaladi, koma kuwalako kumabwera chifukwa chitsulo chaperepeseka pang'ono. Sera sapala kanthu. Amangoyala kachikuto kopyapyala pamwamba pa penti, kotsekera madzi, fumbi ndi zitosi kuti zisafike msanga papenti weniweniyo.

Ku Milange katundu amabwera kuchokera mbali ziwiri, choncho zolembedwa pachitini zimakhala m'zinenero ziwirinso. Zodzera ku Limbe ndi ku South Africa zimati wax kapena sealant ngati zili zoteteza, n'kuti polish kapena compound ngati zili zopala. Zodzera ku Quelimane, ku Nampula kapena ku Beira zimati cera pa choteteza, ndipo massa de polir pa chopala. Zilipo zina zophatikiza ntchito ziwirizi, zolembedwa cleaner wax, zimene zimapala pang'ono n'kusiyanso sera pang'ono.

Penti ndi wochuluka bwanji kuti kupala kudetse nkhawa?

Ndi wochepa kuposa mmene anthu amaganizira. Galimoto yochokera kufakitale imakhala ndi penti woyalana: woteteza dzimbiri pachitsulo penipeni, pulaima, penti wa mtundu, kenako vanishi woonekera mkati amene amapereka kunyezimira. Zonsezi pamodzi zimangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, kufanana ndi kuchindikala kwa pepala lolembapo. Vanishi payekha sakwana ngakhale theka la zimenezo.

Vanishi ameneyu ndiye amateteza mtundu wa galimoto ku cheza cha dzuwa, ndipo akapalidwa sabwereranso. Munthu amene amakwecha galimoto yake ndi massa de polir Loweruka lililonse amakondwa miyezi yoyambirira, chifukwa imachita kuti phuliphuli. Koma sabata iliyonse amakhala akudya vanishi wake yemwe, makamaka m'mangomo mwa boneti ndi m'mphepete mwa zitseko, momwe penti amakhala wopyapyala kale. Makina opolishira akakhala m'manja mwa munthu wosawadziwa amatha kuboola vanishi m'kanthawi kochepa.

Pali magalimoto ena, makamaka mapikapu, malole ndi maminibasi oyera kapena ofiira akalekale, amene alibe vanishi wapadera; mtundu ndi kunyezimira zili mu penti mmodzi. Amenewa akakalamba amachita ngati awazidwa ufa, ndipo munthu akawatsamira amachokapo malaya atayera. Kuwazindikira n'kosavuta: kupaka polishi pang'ono pamalo obisika, mtundu wa galimoto ukatsalira pansalu ndiye kuti vanishi palibe. Penti wotere amatsitsimuka bwino zedi ndi polishi, koma amatuwanso msanga akapanda kuphimbidwa ndi sera.

Nanga ku Milange chimene chimawononga penti kwambiri n'chiyani?

Choyamba ndi fumbi, ndipo si fumbi lokha koma dzanja lolipukuta. M'dothi la m'misewu ya kumidzi muli timiyala ta mchenga tolimba kuposa galasi, pomwe vanishi ndi wofewa ngati pulasitiki wina aliyense. Dalaivala amene amadzuka m'mawa n'kupukuta fumbi ndi nsalu youma amakhala akukhula galimoto ndi timiyala timeneti. Timizere tozungulira timene timaoneka pagalimoto yakuda ikaima padzuwa timachokera pamenepo.

Chachiwiri ndi dzuwa. Milange ili pamalo pomwe dzuwa limaima paliwombo penipeni kawiri pachaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale. M'mwezi wa Okutobala boneti ya galimoto yakuda imatha kutentha kupitirira madigiri 70, ndipo kutentha kotere kumafupikitsa moyo wa sera aliyense.

Ndiyeno pali chinyontho. Dera lozungulira phiri la Tumbine ndi la Mulanje limalandira mvula yambiri, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumabwera chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu kamene kanatenga dzina kuphiri la Chiperone, kum'mwera kwa tauni ya Milange. Chiperoni sichitsuka galimoto. Chimangonyowetsa fumbi limene lilipo kale, n'kulisandutsa kamatope komata. Pamene mwala unagwaza penti mpaka kuchitsulo, chinyonthochi chimayambitsa dzimbiri.

Pothawa dzuwa, ambiri amaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango. Mthunzi ulipodi, koma pamodzi ndi utomoni, zitosi za mbalame ndi za mileme. Zitosi zili ndi asidi, ndipo zikauma paboneti yotentha zimasiya chipsera m'vanishi chimene madzi sangachotse. Zimafunika kuzinyowetsa n'kuzichotsa tsiku lomwelo.

Kodi sera alipo wa mitundu ingati, ndipo amasiyana pati?

Wakale kwambiri komanso wotchuka ndi wa carnauba. Amachokera kumasamba a mtengo wa mtundu wa mgwalangwa wotchedwa Copernicia prunifera, umene umamera kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, makamaka m'zigawo za Piauí ndi Ceará. Mtengowo umadzikuta ndi sera kuti usataye madzi m'chilimwe. Alimi amadula masambawo, kuwayanika, kuwapuntha kuti ufa wa sera uyoyoke, kenako kuusungunula. Sera ameneyu amasungunuka pa madigiri 82 mpaka 86, pomwe wa njuchi amasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, ndipo n'chifukwa chake wa carnauba ndiye anasankhidwa kuti aziikidwa pachitsulo chokhala padzuwa. Payekha ndi wolimba gwa, sangapakike, motero amasakanizidwa ndi mafuta ndi zosungunulira. Chitini cholembedwa kuti 100% carnauba chimangotanthauza kuti sera amene alimo ndi wa mtundu umenewo, osati kuti m'chitini monse ndi carnauba yekhayekha.

Carnauba amapereka kuwala kozama kumene kumakongola pagalimoto yakuda, yofiira kapena yobiriwira. Vuto lake sakhalitsa. Kumalo ozizira amakhala miyezi iwiri kapena itatu. Kotentha, kwafumbi, kotsukatsuka, amatha msanga kuposa apo.

Mtundu wachiwiri ndi wopangidwa kufakitale kuchokera ku mankhwala, umene umalembedwa sealant, synthetic kapena polymer. Umagwira papenti molimba ndipo umapirira kutentha ndi sopo, mwakuti umatha kukhala miyezi inayi kufika isanu ndi umodzi. Wachitatu ndi wa ceramic, wokhala ndi silika. Weniweni, wopakidwa ndi katswiri pagalimoto yokonzedwa bwino, amakhala chaka kapena zaka zingapo, koma ndi wodula ndipo amafuna malo opanda fumbi pomupaka. Timabotolo topopera tolembedwa ceramic si chinthu chomwecho. Ndi sera wamadzi wokhalitsa pang'ono, ndipo pa mtengo wake ndi wabwino ndithu.

Ndiye mwini galimoto wa ku Milange asankhe uti?

Zimatengera kumene galimotoyo imagona ndi kumene imayenda. Probox kapena Sienta yonyamula anthu, Hilux yokagula mbewu kumidzi, chapa (minibasi) yopita ku Mocuba tsiku ndi tsiku, zonsezi zimakhala panja ndipo zimatsukidwa kangapo pasabata. Kwa zoterezi, wa fakitale uja amaposa carnauba kutali, chifukwa chofunika ndi kukhalitsa. Pagalimoto yoyera kapena yasiliva, imene ndi yochuluka m'misewu ya kuno, kuwala kozama kwa carnauba sikuoneka n'komwe, ndiye kulipira ndalama zambiri chifukwa cha iko n'kungotaya.

Carnauba ndi woyenera munthu amene galimoto yake imagona m'shedi, imatuluka Lamlungu ndi pa maukwati, ndipo mwiniwake sadandaula kupakanso mwezi ndi mwezi. Ceramic wa akatswiri amathandiza kuti matope azichoka mosavuta, koma asanamize munthu kuti ndi chishango: mwala wothamangitsidwa ndi tayala la lole umagwaza penti chimodzimodzi, ndipo nthambi za m'njira zopita kuminda zimakala chimodzimodzi.

Galimoto imene yatuwa pang'ono koma vanishi akadali wamoyo ingathandizidwe ndi cleaner wax kamodzi kapena kawiri pachaka. Polishi weniweni ndi wa nthawi imene pali chokonza, monga timizere, madontho a madzi ouma, kapena kutuwa. Chikakonzedwa, chitini chibwerere pashelefu ndipo sera ndiye azigwira ntchito.

Kodi dzina lodziwika pachitini ndi chitsimikizo?

Mayina ena ndi akaledi. Meguiar's inayamba mu 1901 ku America ngati polishi wa mipando ndi matebulo, isanafike kumagalimoto. Turtle Wax inayambira ku Chicago m'zaka za m'ma 1940. Shield ndi ya ku South Africa ndipo imapezeka m'masitolo ambiri a kuno kum'mwera kwa Africa. Koma kampani iliyonse mwa izi imapanga zopala ndi zoteteza zomwe, m'mabotolo ofanana mtundu, choncho dzina lokha silinena chimene chili mkati. Mawu aang'onoang'ono a kumbuyo ndiwo amanena. Pakalembedwa za kuchotsa mikwingwirima, scratches kapena riscos, ndiye kuti muli timchenga.

Pamsika wa m'malire chinthu china chofunika kuchiyang'ana ndi mmene katunduyo wasungidwira. Botolo limene lakhala pabenchi padzuwa miyezi yambiri limalekana, madzi pamwamba phala pansi, ndipo likakana kusakanikirana polikhutchumula ndiye kuti latha ntchito. Sera wa m'chitini amene wauma n'kung'aluka wataya zosungunulira zake. Chidindo chikakhala chomatula, kapena mankhwala akamagulitsidwa m'botolo la madzi akumwa lopanda dzina, wogula sangadziwe ngati akupaka sera, polishi kapena mafuta wamba.

Bwanji osangopaka Cobra, Kiwi, kandulo kapena dizilo, poti n'zotsika mtengo?

Funso limeneli lili ndi nzeru yake, chifukwa mu polishi wa nsapato ndi wa pansi m'nyumba mulidi sera. Koma mulinso utoto ndi zosungunulira zopangidwira chikopa ndi simenti, zimene zimamwa mafuta. Penti wa galimoto samwa kanthu. Cobra wofiira amasiya utoto m'timing'alu ndi m'mphepete mwa mphira, ndipo ngakhale woyera amakhala wonata, wokoka fumbi. Kandulo ndi sera wa njuchi amafewa pa kutentha kumene boneti imafika masana a Okutobala.

Dizilo ndiye wofala kwambiri pakati pa madalaivala a malole ndi ogulitsa magalimoto ofuna kukopa wogula. Nsanza yoviika mu dizilo imachititsa penti wotuwa kuoneka watsopano, chifukwa mafuta amadzaza timaenje ta penti wokalamba. Pofika ku Molumbo fumbi lonse la mumsewu limakhala lamatirira pamenepo, ndipo mphira za m'mawindo zimafufuma n'kuwonongeka. Wogula galimoto yakale akaona ikunyezimira modabwitsa koma ikununkha dizilo, angachite bwino kupempha kuti aione itatsukidwa ndi kuuma. Palafini pang'ono pakansalu amathandiza kuchotsa madontho a tala m'munsi mwa zitseko, bola malowo atsukidwe pompo n'kupakidwanso sera. Mafuta a mabuleki okha asayandikire penti ngakhale dontho, amamusungunula.

Sopo waufa walakwa chiyani, poti galimoto imayera?

Imayeradi, chifukwa sopo wochapira zovala anapangidwa kuti azisungunula mafuta, ndipo sera ndi m'bale wake wa mafuta. Munthu angagule sera wodula chotani, akapitiriza kutsukira Omo, Surf kapena sopo wa mbale, serayo amatha m'masabata ochepa. Timibulu ta sopo tosasungunuka bwino timakalanso penti. Shampu wa magalimoto amaoneka wodula pogula, koma kachivindikiro kamodzi kapena tiwiri timakwanira ndowa yonse.

Katsukidwe kake n'kofunika kuposa sopoyo. Galimoto iyambe yathiridwa madzi ambiri kuti matope afewe ndi kutsika okha, dzanja lisanakhudze. Ndowa zikhale ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluzira siponji, kuti mchenga wochoka pagalimoto usabwererenso. Kutsuka kuyambire padenga kutsikira pansi, ndipo nsanza ya matayala isakwere paboneti. Otsukira kumtsinje amatunga madzi pamodzi ndi mchenga wa pansi, choncho ndi bwino kuwasiya adikhe kaye. Madzi a pamjigo wina amakhala ndi mchere umene umasiya madontho oyera akaumira padzuwa, ndiye galimoto ipukutidwe isanaume yokha. Nsalu ya microfibre ndiyo yabwino. Ikasowa, tisheti yakale ya thonje ya pakaunjika, yochotsa mabatani ndi misoko, imaposa thaulo lokhakhala.

Sera amapakidwa bwanji kuti agwire?

Pamthunzi, chitsulo chili chozizira, galimoto ili yotsuka ndi youma. M'mawa kwambiri kapena madzulo ndiyo nthawi yake, ndipo tsiku la mphepo yafumbi kapena la chiperoni si labwino. Asanayambe, wopaka ayendetse dzanja papenti. Akamva timibulu ngati mchenga womatirira, pakufunika kaye clay bar, kadongo kofewa kogulitsidwa m'masitolo a zipangizo za magalimoto, kapena cleaner wax. Sera wopakidwa pamwamba pa litsiro amangotsekera litsirolo mkati.

Cholakwika chofala ndi kupaka wambiri. Amene amatsalira papenti ndi kachikuto kochepetsetsa, wotsalayo amathera pansalu, ndipo akachuluka amavuta kupukuta. Apakidwe mopyapyala, chitseko chimodzi kapena theka la boneti pa nthawi, asiyidwe mphindi zimene zalembedwa pachitini mpaka achite mbuu, kenako apukutidwe ndi nsalu ina youma. Chala chikadutsa n'kusiya mzere woyera bwino osapakaza, ndiye kuti wakonzeka. Mabampa ndi mapulasitiki akuda osapentedwa apewedwe, chifukwa sera amasiyapo zoyera zovuta kuchotsa. Pagalasi lakutsogolo asafikepo. Usiku wa mvula amachititsa kuti nyali za galimoto zobwera zizibalalika m'maso.

Munthu angadziwe bwanji kuti sera watha?

Madzi ndiwo amanena. Pagalimoto yotsuka, akamaundana timadontho tozungulira n'kumagubuduka, sera akadalipo. Akamayala n'kukhala chinyowere, watha. Wa padenga ndi paboneti amayamba kutha wa pazitseko asanathe. Kwa amene safuna kumayesayesa, nyengo za kuno zimapereka kalendala yosavuta: kupaka mu Okutobala kapena Novembala mvula isanayambe, mu Epulo itasiya, ndi chapakati pa chilimwe fumbi ndi utsi wa moto wa kutchire zikachuluka.

Vanishi akayamba kusupuka, pali sera amene angamubweze?

Palibe. Zigamba zoyera zokhala ndi m'mphepete mokanganuka padenga kapena paboneti zimasonyeza kuti vanishi walekana ndi penti wa pansi. Polishi amangokulitsa chigambacho, sera amangochidetsa masiku awiri. Mankhwala ake ndi kupala mbali yonseyo n'kupoperanso, ntchito ya a bate-chapa, monga amatchulidwira owongola ndi kupenta magalimoto ku Mozambique.

Galimoto ikachoka kumeneko, sera adikire. Penti wa kufakitale amaumitsidwa mu uvuni wotentha kwambiri, pomwe wa m'galaji amauma pang'onopang'ono, akutulutsa zosungunulira kwa masabata angapo. Opanga penti ambiri amalangiza kudikira mwezi umodzi kufika itatu. Komanso wopita kukapentetsa amuuze mmisiri zimene wakhala akupaka, chifukwa silikoni amene ali m'mapolishi ambiri ndi m'mankhwala owalitsira dashibodi amachititsa penti watsopano kuchita timaenje tonga maso a nsomba ngati sanachotsedwe bwino.

Nanga anyamata a kabaza, nkhaniyi ikuwakhudza?

Kwambiri, poti ku Milange ndi ku Muloza njinga zamoto monga Lifo n'zochuluka kuposa magalimoto, ndipo yowala imakopa wokwera ndiponso imagulitsika bwino. Thanki ndiyo imavutika: petulo wodontha pothira kuchokera m'botolo amasungunula sera pomwepo, ndipo akasiyidwa amatuwitsa penti ndi kumatula zomata. Apukutidwe msanga, malowo apakidwenso. Kabotolo kamodzi ka sera wopopera kamakwanira njinga kwa miyezi yambiri, ndipo kamathandizanso kuti madigadi ndi marimu asachite dzimbiri nthawi ya dzinja.

Koma panjinga pali malo amene chinthu choterera ndi ngozi yeniyeni: chishalo, zogwirira, zopondera, mabuleki ndi matayala. Mankhwala owalitsira matayala, amene pagalimoto amangopakidwa m'mbali, panjinga amafika pamene tayala limagwira msewu pokhota, ndipo pa tala wonyowa ndi chiperoni njingayo imatha kuterereka. Wopopera sera kufupi ndi gudumu aziyamba wapopera pansalu, osati panjinga penipeni, kuti nkhungu yake isagwere pa buleki.